Impact ndi abale ake owonda aja, ndemanga ya munthu wa mabana

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli pa changu musavutike kuwerenga zonse. Impact ndi fonti yabwino (fonti ndi mtundu wa kaonekedwe ka zilembo), koma ndi yabwino pa ntchito imodzi yokha basi, mawu ochepa olembedwa mokulitsa oti munthu awaone ali patali kapena akudutsa pa njinga. Mukaipatsa ntchito ina iliyonse imakuchititsani manyazi. Ambirife timaidziwa ngati fonti ya ma meme, zilembo zoyera zija za mzere wakuda m'mbali, mawu ena pamwamba pa chithunzi ena pansi, nde pali anthu amene amaiseka kuti ndi ya ana osewera pa Facebook, pomwe anzathu ena m'mashopu a pulinti amangoithira paliponse, pa bana ya chitsitsimutso, pa tisheti ya chinkhoswe, pa pulogalamu ya maliro, mpakana pa buku la malisiti. Magulu onse awiriwa akuilakwira. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya mabana, ma posita ndi kudula masitika, choncho zimene ndikunena pano ndi za fonti ikatuluka mu pulinta, osati mmene imaonekera pa sikirini pokha ayi.

Tsegulani Word kapena CorelDRAW, pulogalamu yopangira ma dizaini ija, lembani mawu aliwonse mu Impact, mukulitse mpaka adzadze sikirini kenako muyang'anitsitse. Mizere yoimirira ndi yonenepa kwambiri, malo a mkati mwa o, a, e ndi timing'alu chabe, ndipo zilembo zing'onozing'ono ndi zazitali moti zimatsala pang'ono kufanana ndi zazikulu, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a msinkhu wake. Michira ya g, p, y ndi yaifupi, mitu ya b, d, h nayonso yangosuzumira pang'ono. Kadontho ka pa i kakhala pafupi kwambiri ndi thupi lake. Zonsezi sizinachitike mwangozi, amene anaijambula ankafuna inki yochuluka papepala pa malo ochepa, ndipo anakwanitsa. Palinso kanthu kena kamene anthu sakaona, pamene mzere wokhota ukulumikizana ndi woimirira, monga pa phewa la n kapena m, mzerewo umawonda mwadzidzidzi. Kuwondako ndi kumene kumapatsa chilembo mpata wopumira, kupanda apo bwenzi n ali chibuluma chakuda basi.

Mwini wake ndi Geoffrey Lee, wa ku England, amene ankagwira ntchito ya zotsatsa malonda, ndipo fontiyi inatuluka mu 1965 ku kampani ya Stephenson Blake ya mumzinda wa Sheffield. Nthawi imeneyo fonti sinali kafayilo kotsitsa pa intaneti. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake kosungunulidwa ndi mtovu, munthu ankatola kamodzikamodzi n'kumasanja mu mzere, ndipo saizi iliyonse mumagula payokha, yolemera makilo. Chomvetsa chisoni n'chakuti Impact inabwera mochedwa, ili m'gulu la ma fonti omaliza amene kampaniyo inapanga, chifukwa osindikiza anali atayamba kale kusiya zitsulo n'kumapita ku njira yojambula zilembo ndi kuwala pa filimu. Bwenzi itaiwalika ngati anzake ambirimbiri a nthawi imeneyo, koma mwayi wake unali kutsogolo.

Koma Lee sanangoilota usiku umodzi. Kumbuyo kwake kuli fonti ina ya ku Switzerland, Schmalfette Grotesk, imene anajambula Walter Haettenschweiler wa mumzinda wa Zug mu 1954, ali mnyamata wa zaka 21 zokha. Inatuluka m'buku la zitsanzo za zilembo lotchedwa Lettera limene iye ankakonza limodzi ndi Armin Haab, ndipo inali ya zilembo zazikulu zokhazokha, zazitali, zowonda, zakuda bii. Amene anaitchukitsa ndi Willy Fleckhaus, mkulu wa dizaini wa magazini ya achinyamata ya ku West Germany yotchedwa Twen, imene inayamba mu 1959 n'kutha mu 1971. Fleckhaus ankaika mitu ikuluikulu yothinana pambali pa zithunzi zodzadza peji yonse, ndipo okonza ma dizaini m'maiko ena ankangoti kukamwa yasa. Vuto linali loti sungaigule ngati zitsulo. Nde anthu ankajambula zilembozo ndi kamera kuchokera m'buku, n'kuzidula ndi lumo kapena sizasi, n'kumamata chimodzichimodzi ndi guluu mpaka mutu wa nkhani ukwane. Lee mwini wake anafotokozapo atakalamba kuti iye ndi anzake ku London ankachita zomwezo, ankaisirira koma imawavuta chifukwa inalibe zilembo zing'onozing'ono komanso sinapezeke ya chitsulo. Impact inali yankho lake, fonti ya mphamvu ngati yomweyo koma yotambasuka pang'ono, ya zilembo zonse, yoti wosindikiza wamba agule.

Tangoganizani kukonza mutu wa posita wa mawu asanu ndi lumo ndi guluu, kasitomala n'kubwera kuti ayi bwana tasintha tsiku. Ife masiku ano timadandaula kompyuta ikachedwa kutsegula fayilo.

Pakati pa awiriwa pali wachitatu, Compacta, ya Fred Lambert, imene kampani ya Letraset ya ku London inatulutsa mu 1963, zaka ziwiri Impact isanabwere. Achikulire amene anagwirako ntchito yojambula zikwangwani kapena m'maofesi a mapulani a nyumba kompyuta zisanafike mwina mukuikumbukira Letraset, mapepala a pulasitiki aja okhala ndi zilembo, umaika pa pepala lako n'kukhutiza pamwamba ndi bolopeni kapena kamtengo, chilembo n'kutsalira pansi. Compacta inapangidwira zimenezo, ndipo chifukwa aliyense ankatha kugula pepala limodzi osafunika makina, inafalikira kwambiri pa ma posita ndi makava a malekodi a m'ma 1960. Poiyerekeza ndi Impact, iyo ndi ya makona kwambiri, O wake ali ngati bokosi lokhota m'makona, ndipo inabwera ndi banja, yowonda, yapakati, yonenepa, yopendekeka. Apa nde pamene Impact imagonja mpaka lero, tifikapo. Kunalinso Helvetica Inserat ndi Helvetica Compressed ya 1966 imene anagwirapo Matthew Carter, zonse zikuthamangira msika umodzi womwewo wa mitu ya nyuzi ndi zotsatsa malonda, koma zimenezo ndi zogula ndipo sindizikamba kwambiri.

Chimene chinapulumutsa Impact ndi Microsoft. Umwini wa fontiyi unadzafika m'manja mwa kampani ya Monotype, ndipo mu 1996 Microsoft inaiika m'gulu la ma fonti amene inkagawa ulere kuti mawebusayiti azioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, gulu lomwe munalinso Arial, Verdana, Georgia, Times New Roman, Trebuchet ndi Comic Sans. Kugawa kwaulereko kunatha mu 2002 koma apo n'kuti Impact italowa kale mu Windows, pa Mac nayonso ilipo. Ndiye mwana aliyense amene ankafuna kulemba mawu pa chithunzi cha mphaka akatsegula mndandanda wa ma fonti, yonenepa kuposa zonse inali imeneyi. Zilembo zoyera, mzere wakuda m'mbali, zimawerengeka pa chithunzi chilichonse kaya chowala kaya chamdima, palibe matsenga ena. Webusayiti ya zithunzi za amphaka ya I Can Has Cheezburger itayamba mu 2007 kalembedwe kameneka kanangokhala ngati lamulo, mawebusayiti opangira ma meme onse n'kutengera. Lee anamwalira mu 2005, zambiri mwa izi sanazione.

Ine mbiri ya ma meme imeneyi ndimaiona ngati ngongole imene fontiyi ikulipira mpaka pano. Mukalemba mawu oyera mu Impact pa chithunzi cha m'busa kapena cha malemu, n'kuikanso kamzere kakuda m'mbali kuti aoneke bwino, anthu a zaka za m'ma 30 kutsika pansi ubongo wawo umayamba wafunafuna nthabwala. Si cholinga chanu koma ndi mmene zilili. Pa posita ya maliro kapena ya mwambo wa boma ine ndimaikana ndithu olo kasitomala aikonde, kapena ndimasintha mtundu, zilembo zakuda pa malo oyera opanda chithunzi kumbuyo, opanda mzere m'mbali, apo imabwerera kukhala mutu wa nyuzi monga inalili pachiyambi. Komanso ma meme enieniwo anaisiya kale, a masiku ano ambiri ndi mawu wamba pamwamba pa chithunzi, nde Impact yatsala ikuoneka ngati nthabwala yakale.

Tsopano zabwino zake, chifukwa zilipo. Chichewa chathu mawu ake ndi aatali, CHITSITSIMUTSO, CHIKONDWERERO, TAKULANDIRANI, ZOTSIKA MTENGO, ndipo bana imene kasitomala wakwanitsa kulipira nthawi zambiri ndi ya mamita awiri kapena atatu basi. Mukalemba CHITSITSIMUTSO mu Arial Black kuti akwane m'lifupi, zilembo zimatsika msinkhu n'kukhala tating'ono, pamwamba ndi pansi n'kutsala malo ongokhala. Mu Impact mawu omwewo pa m'lifupi momwemo amatalika kwambiri, bana imadzadza, munthu ali kutsidya kwa msewu amawerenga. Pa ntchito imeneyi, liwu limodzi kapena awiri a zilembo zazikulu, ndimaipatsa ulemu wake wonse. Imadulikanso bwino pa makina a masitika ikakhala yaikulu, chifukwa mizere yake ndi yowongoka yopanda tinthu tosongoka tong'ambika, ndipo chilembo chonenepa chimagwira bwino pa galasi la shopu kapena kumbuyo kwa minibasi, sichimatuka msanga m'makona ngati ma fonti owonda aja. China, ili pa kompyuta iliyonse ya Windows, nde mukatumiza fayilo kwa mnzanu amene ali ndi pulinta yaikulu simuda nkhawa kuti ikasintha.

Koma mukangoyamba kulemba chiganizo, mavuto ayamba. Chichewa chili ndi m, n, u, i, w, l zambirimbiri, ndipo mu Impact zilembo zimenezi zonse ndi mizere yoimirira yonenepa yokhala ndi timipata tofanana. Lembani mawu ngati chimwemwe, mmamawa, umunthu, kulimbikitsana, mu zilembo zing'onozing'ono pa saizi 14, musindikize pa pepala wamba muone. Zilembo zimathinana ngati anthu mu minibasi ya folofolo, sudziwa kuti mwendo uwu ndi wa ndani, mpata wa mkati mwa n ndi mpata wa pakati pa n ndi i zimafanana, i amaoneka ngati l chifukwa kadontho kamatirira, r ndi n zikagundana zimabala m. Ndaonapo mapulogalamu a ukwati amene ndondomeko yonse, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka perekaniperekani, yalembedwa mu Impact, a mkoko wogona akuchita kuyandikitsa pepala kumaso. Si vuto la maso a agogo ayi, fontiyo sinapangidwire zimenezo.

Pa nsalu nde zimanyanya. Mukamasindikiza tisheti ndi sikirini ya inki, inkiyo imafalikira pang'ono ikakhudza thonje, ndipo timing'alu ta mkati mwa a, e, s timatsekeka. Pa chifuwa pamene mawu ndi aakulu palibe vuto, koma timawu ta pansi tija ta tsiku ndi malo timatuluka tili madontho. Podula sitika yaing'ono namonso, kuchotsa tizidutswa ta mkati mwa A, R, e ndi kasingano ndi ntchito yotopetsa, kena kamakana kena kamanyamula chilembo chonse. Lamulo langa pa shopu ndi loti chilembo cha Impact chikachepera msinkhu wa chala chachikulu, tisinthe fonti.

Kenako pali nkhani ya kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka mu M'MUDZI, NG'OMBE, M'BALE, PANG'ONO, kamene ife timakagwiritsa ntchito kwambiri kuposa azungu amene anajambula ma fonti amenewa. Mu Impact kamakhala kakafupi konenepa ndipo kamapanikizika pakati pa zilembo ziwiri zazitali, patali kamasowa, M'MUDZI n'kumaoneka ngati MMUDZI wokhala ndi kachitsotso. Ndimachita kukapatsa mpata pamanja mbali zonse ziwiri. Ndipo amene mumalembabe Malaŵi ndi kachipewa pa w, kapena mukulemba Chitumbuka kapena Chinyanja cha ku Zambia, muziyamba mwayesa chilembo chimenecho mu fonti iliyonse imene mwatsitsa musanalonjeze kasitomala, ma fonti ena aulere otengera Impact alibe, nde kompyuta imangobwereka ŵ wa fonti ina, wowonda, n'kumuika pakati pa zinzake zonenepa.

Cholakwika chachikulu cha Impact ngati katundu ndi choti ndi mwana mmodzi yekha. Ilibe yowonda, ilibe yonenepa kuposa apo, ilibe yopendekeka yakeyake. Mukadina B wonenepetsera zilembo mu Word kompyuta imangopaka mafuta ena pamwamba pa zilembo zonenepa kale, timing'alu tija n'kutsekeka. Mukadina I wopendeketsera imangozikankhira kumbali mokakamiza. Ndipo chifukwa ilibe abale a m'nyumba, anthu amaikoka. Apa nde pamene ndimapsa mtima abale. Munthu walemba mawu, sakukwana, wagwira kabokosi ka pambali mu CorelDRAW n'kufinya, kapena wakoka m'mwamba kuti adzadze bana. Mukafinya choncho mizere yoimirira imawonda koma yopingasa imakhala chimodzimodzi, nde E ndi T zimatuluka ndi mitu yonenepa miyendo yowonda, O amaoneka ngati wapondedwa. Mukakoka m'mbali zimatembenuka, miyendo kunenepa mopusa. Yendani mumsika uliwonse muyang'ane zikwangwani za ma saluni ndi ma butchale, muziona zimenezi. Lee mwini wake anatulutsa mtundu wotambasuka wotchedwa Impact Wide mu 2002, wojambulidwa bwinobwino osati wokokedwa, koma ndi wogula ndipo subwera ndi Windows, nde ndi ochepa amene anauonapo. Mu 2010 kampani ya Ascender inatulutsanso mtundu wina wowonjezera zinthu, nawonso wogula.

Nanga fonti ya Haettenschweiler imene imabwera ndi Microsoft Office ija, dzina lovuta kutchula lija limene pa shopu timangoti ya H yaitali? Imeneyo ndi mdzukulu wa Schmalfette Grotesk yemwe uja, ena anadzaiwonjezera zilembo zing'onozing'ono n'kuipatsa dzina la mwini wake. Ndi yowonda kuposa Impact, nde anthu akaona kuti mawu sakukwana amathawira kumeneko. Pa zilembo zazikulu, liwu limodzi, lalitali ngati chitseko, ndi yokongola zedi, ili ndi ulemu wina umene Impact ilibe, mwina chifukwa sinalowe m'ma meme. Koma zilembo zake zing'onozing'ono ndi chilango. Timipata ta mkati ndi ngati tsitsi, ndipo zonse ndanena za chimwemwe ndi mmamawa muziwirikize kawiri. Pali kafukufuku wina amene anatuluka mu magazini ya sayansi ya Cognition mu 2011, wa Connor Diemand-Yauman, Daniel Oppenheimer ndi Erikka Vaughan, awiri oyambawo a ku yunivesite ya Princeton, amene ankafuna kuona ngati ana asukulu amakumbukira bwino zinthu zolembedwa movuta kuwerenga. Pa sekondale ina ku Ohio, ku America, anasintha manotsi kuwaika m'ma fonti ovuta dala, ndipo imodzi mwa ma fonti anasankhawo inali Haettenschweiler. Iwo anapeza kuti anawo anakhoza bwinoko, ngakhale ena amene anadzayesanso pambuyo pake zambiri sizinatuluke chimodzimodzi. Ine chimene ndimatolapo ndi china, akatswiri atakhala pansi kufunafuna fonti yozunza maso anatola imeneyi, ndiye inu mukuiika pa menyu ya lesitilanti kuti anthu awerenge mtengo wa chambo usiku magetsi atazima.

Ndiye tizigwiritsa ntchito chani? Kwa amene mumapangira ma posita pa foni, Impact simuipeza n'komwe pa Android pokhapokha mutachita kuika nokha fayilo, ndipo apa ndikuchenjezeni, fonti imeneyi si yaulere ngakhale imaoneka ngati yaulere. Kusindikiza bana kapena tisheti ndi imene inabwera ndi Windows yanu palibe mlandu, koma kugawa fayilo yake kapena kuiika pa seva ya webusayiti kapena mu apu pamafunika layisensi yochokera kwa eni ake. Mwamwayi kuli ana ake a masiku ano amene ndi aulere zenizeni, a layisensi yotseguka, ndipo ambiri ali pa Google Fonts komanso mu Canva.

Woyamba ndi Anton, ya Vernon Adams, inatuluka mu 2011. Iyi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi Impact, munthu wamba sangasiyanitse, koma ndi yowondako pang'ono ndipo inakonzedwa poganizira sikirini. Kwa ine ndi imene yalowa m'malo mwa Impact pa ma posita a pa WhatsApp ndi Facebook. Nayonso ndi mwana mmodzi, ilibe banja, ndipo pa timawu tating'ono imakanika chimodzimodzi, musayembekezere zozizwa. Adams yemweyo anapanganso Oswald, imene ili ndi makulidwe angapo kuyambira yowonda mpaka yonenepa, nde mutu mukhoza kuika Anton, tsiku ndi malo n'kuika Oswald, zimagwirizana ngati za pa bere limodzi. Adams anamwalira mu 2016 atachita ngozi ya pamsewu zaka ziwiri m'mbuyo mwake, koma ma fonti ake ali pa mawebusayiti osawerengeka.

Wachiwiri League Gothic ya 2009, ya gulu la The League of Moveable Type, imene ndi kudzutsa fonti yakalekale ya ku America, Alternate Gothic ya Morris Fuller Benton ya 1903. Inde, fonti zowonda zoterezi zinalipo kale zaka 50 Schmalfette isanabadwe, a ku Switzerland aja anangozinenepetsa n'kuzithinitsa. League Gothic si yakuda ngati Impact, mkati mwa zilembo muli mpweya, nde pa mawu aatali a Chichewa a zilembo zing'onozing'ono imawerengeka bwino kwambiri kuposa onse ndatchulawa. Mutu wa mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, monga mutu wa ulaliki kapena uthenga wa bungwe, ine ndimapita kumeneku. Kufooka kwake n'koti pa chithunzi cha mitundu yambiri imamira, imafuna malo oyera kumbuyo.

Wachitatu Bebas Neue ya Ryoichi Tsunekawa wa ku Japan, ya 2010, imene achinyamata a ma posita a zoimbaimba amaikonda mopitirira. Yaulereyo ndi ya zilembo zazikulu zokhazokha, zing'onozing'ono zili mu Bebas Neue Pro ya 2019 imene ndi yogula. Ndi yaukhondo, yosavuta kuisanja, ndipo poti ilibe zilembo zing'onozing'ono imakuletsani yokha kulemba nayo ndime yonse, chimene ndi chifundo chachikulu kwa owerenga. Koma ilibe thupi la Impact, pa bana ya kunja yoti ipikisane ndi zikwangwani zina khumi pa mphambano imamveka ngati ikulankhula motsitsa. Komanso yafala kwambiri moti posita ya shoo, ya tchalitchi ndi ya maliro zonse zikumafanana nkhope.

Mukatsitsa iliyonse mwa izi kumbukirani kuti mnzanu wa pulinta mwina alibe, nde musanatumize fayilo sandutsani mawu akhale ma curve, kutanthauza chojambula chosadalira fonti, mu CorelDRAW ndi Ctrl ndi Q, mu Illustrator ndi Ctrl, Shift ndi O, koma musunge kope ina yosasandutsa chifukwa kasitomala adzabweranso kuti dzina la mlendo wolemekezeka lasintha. Ndipo kaya ndi Impact kaya Anton, mukailemba mokulitsa muziyang'ana mipata ya pakati pa zilembo ndi maso anu, makamaka pamene pali A ndi W kapena L ndi A, monga mu MALAWI, pena pamatseguka dzenje pomwe zina zonse zathinana. Masekondi ochepa okankha chilembo chimodzi amasintha bana yonse. Pa saizi yapakati ndimawonjezera mpata pang'ono pa mawu onse, imapuma bwino.

Pa mamakisi, Impact pa mutu wa liwu limodzi kapena awiri ndiipatsa 8 pa 10, pa china chilichonse 2. Haettenschweiler 7 pa zilembo zazikulu zokhazokha, zing'onozing'ono sindiipatsa kanthu. Chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, nambala ya foni musamailembe mu ma fonti amenewa. Manambala a Impact ndi okongola pa mtengo, K5,000 wamkulu pa galasi la shopu amakoka maso, koma pa mndandanda wa manambala khumi othinana 3, 6, 8 ndi 9 zimafanana chifukwa pakamwa pa 3, 6 ndi 9 ndi potsekeka pafupifupi, ndipo nambala zathu zoyamba ndi 088 ndi 099 zadzadza ndi zomwezo. Munthu ali mu basi ikuyenda ali ndi masekondi atatu oti aloweze, akaphonya nambala imodzi kasitomala wapita kwa wina. Nambala iikeni mu Arial Bold kapena Oswald, muidule m'magulu a manambala atatu kapena anayi, mipata yake ikhale yooneka.